Chitsa cha M'mbali mwa Dziwe

Panali munthu wina, mkulu wa kwa Nkhoma, amene anakumba dziwe la nsomba pakati pa dimba la nzimbe la mkazi wake. Anaikamo tiana ta makumba, ndipo pa nkhani ya chakudya sanali wamasewera. Anzake ankangowaza madeya okhaokha, koma iye ankakazinga soya, kukagayitsa, n'kusakaniza ndi madeyawo, poti madeya amangodzaza mimba, chomanga thupi ndi soya. Nthawi nayonso sankaiphonya: m'mawa dzuwa likafunditsa madzi, ndiponso masana likapendeka.

M'mbali mwa dziwelo munali chitsa cha mkuyu, pamthunzi wa nthochi. Mkuluyu ankakhala pamenepo, chidebe pakati pa miyendo, n'kumawaza chakudya patsogolo pake. Akangowaza, madzi ankachita kuwira ndi nsomba zonenepa zolimbirana, iye mtima uli mbee. Ankachikonda chitsacho kuposa mpando wa m'nyumba mwake.

Tsiku lokolola, khoka linamuchititsa manyazi. Nsomba zazikulu zinalipo ndithu, koma zongokwana m'beseni limodzi. Zina zonse zinali tinthu tonga zala za m'manja. Mkazi wake anaziyang'ana nthawi yaitali.

"ANkhoma," anatero mayiwo, "malo ano ankandipatsa nzimbe zokagulitsa. Ulendo winawu zikakhalanso chonchi, dziweli tikwirira."

Mawuwo anali oona, ndipo anamupweteka mkuluyu, chifukwa dziwelo anakumba ndi manja ake.

Anaikamo tiana tina. Poganiza kuti vuto ndi kuchepa kwa chakudya, anawonjezera, koma chotsala chinkangowolera pansi mpaka madzi anayamba kununkha. Anabwerera pa muyeso wakale, ali pachitsa pomwepo, mutu utaima. Paja amati pakadafunda padajiwitsa galu.

Tsiku lina masana kunawomba mphepo. Pamene ankawaza, mphepoyo inatenga madeya opepuka n'kukawagwetsa kutsidya, kumene kunali udzu, kumene iye sankayang'anako n'komwe. Atakweza maso anaona timilomo ting'onoting'ono tikutuluka pamadzi mwamantha, kutola n'kumira, kutola n'kumira. Tinali tambiri zedi. Apo m'pamene anazindikira kuti masiku onsewo ankadyetsa nsomba zamphamvu zokhazokha, zimene zinalanda malo a patsogolo pa chitsa, pamene zofooka zinkagona ndi njala m'dziwe lodzaza chakudya.

Mkuluyu ankadzidziwa yekha kuti chitsacho chikakhalapo, mawa adzakhalanso pomwepo. Anakatenga nkhwangwa ndi khasu, nachizula, n'kukachiponya kukhitchini kwa mkazi wake.

"Nkhuni izo, mayi," anatero.

Kuyambira pamenepo ankadyetsa choimirira. Ankazungulira dziwe lonse pang'onopang'ono, kuwaza apa pang'ono, apo pang'ono, ndipo kutsidya kwa udzu kuja ankayambirako. Chakudya chinali chomwecho, nthawi yomweyo. Madzi sankawiranso ngati kale, moti wodutsa akanati nsomba zatha, koma iye sanadandaule nazo.

Atakololanso, mkazi wake anabwera ndi mabeseni awiri, lina la zazikulu, lina la zazing'ono. Anasankha, nasankha, mpaka anangoseka, chifukwa nsombazo zinali zofanana ngati ana a mimba imodzi, ndipo mabeseni awiriwo anachepa. Anatumiza uthenga kwa mlongo wake kuti amubwereke dengu. Za kukwirira dziwe sanazitchulenso.

Tsono inu amene muli ndi anthu owasamalira, kaya ndi ana panyumba, kaya ndi mpingo, kaya ndi kalasi, musanyengedwe ndi phokoso la amene ali pafupi nanu. Mwina chakudya chanu n'chabwino, ndipo nthawi simuphonya. Koma alipo wina wofatsa amene sadziwa kulimbirana, ndipo sadzabwera kudzakuuzani kuti sanadye. Dzukani pamene mwazolowera kukhalapo, mukamufune komwe ali.