Malume Amene Anabwerera ndi Mawu Ake

Panali munthu wina amene anakhalitsa ku Joni mpaka imvi zinamupeza komweko. Mkazi wake anamuika m'manda a kuchilendo. Atabwerera kwawo, mwana wa mlongo wake anamupempha kuti akamufunsire mbeta kutsidya kwa dambo.

Munthuyo anakondwa. Kumigodi ankatchuka ndi pakamwa. Akaimirira pamsonkhano, ngakhale oledzera ankakhala chete. Anakonza mawu okoma, ena mwa iwo omwe aja amalume ake ananena pomufunsira malemu mkazi wake. Ankawayeseza kumunda, akuuza mapesi ndi anamzeze.

Tsikulo ananyamuka m'mamawa ndi mnyamatayo. Nkhungu inali itagona padambo, ndipo anthu okatunga madzi ankaoneka ngati akuyandama. Iye ankangoona ngati mkazi wake ali patsogolo, mtsuko pamutu, monga kale.

Polowa m'mudzi anaona nthambi zofota zitakankhidwira m'mbali mwa njira. Pabwalo panali phulusa lambiri, loposa la moto wophikira. Amalume a mtsikanayo, amene anawapatsa mipando, anali atameta mpala. Ana nawonso.

Mnyamatayo anamugunyuza. "Malume, yambanitu. Paja mumati mawu anu amatsitsa njiwa mumtengo."

Munthuyo anavula chipewa, nasiya mpando, nakhala padothi. Anaomba m'manja mofatsa.

"Pepani, eni mudzi, sitinamve. Watisiya ndani?"

"Mlongo wanga, mayi wa mwana mwadzerayo," anayankha amalume a mtsikanayo.

Anakhala nawo mpaka mthunzi unasuntha. Za mbeta sanatchule.

Pobwerera mnyamatayo anakalipa. "Mtunda wonsewu kudzangopepesa? Akamupereka kwa wina, ndidzakwatira inuyo?"

"Mawu saola, mphwanga," anatero munthuyo.

Mvula yoyamba itagwa, uthenga unaoloka dambo: "Abwere malume aja anakhala padothi aja. Kunafikanso ena masiku omwewo, nalankhula bwino zedi. Zimene ananena sitikuzikumbuka."

Inu amene mawa mukaimirira pamaso pa anthu, mwina mawu anu mwawasunga nthawi yaitali, ndipo ndi okomadi. Koma bwalo limayamba ndi ilo kulankhula. Musanatsegule pakamwa, yang'anani njira imene mwadzera, phulusa, ndi mitu ya amene akupatsani mpando. Mukaona kuti tsikulo si la mawu anu, khalani nawo padothi. Adzakuitanani.