Makoma Ofika M'chiuno

Ku ofesi ya zachuma ya boma la chigawo kunali mwambo wake. Nyengo ya bajeti ikafika, phungu aliyense ankamubenthulira kandalama koti akayambire chinthu kwawo: uyu sukulu, uyu chipatala, uyo mlatho. Ankaika mwala wa maziko, kujambulitsa atagwira fosholo, ndalama n'kutha khoma lisanafike pa zenera. Chigawo chonse chinadzaza ndi makoma ofika m'chiuno, ndipo zinkathokoza ndi mbuzi zokha.

Mayi wina atakwezedwa kukhala mkulu wa ofesiyo, anabwera ndi mfundo imodzi: palibe kuyamba chatsopano zakale zisanafoleredwe, ndipo chimene chatsala pang'ono kutha ndicho chizitsogola. Bwanamkubwa anavomera monyinyirika. Aphungu anapsa mtima.

"Mayi, anthu kwathu amavotera chimene akuona chikuyamba," anatero phungu wina, chala chikugogoda pa desiki. "Tikawauze chiyani?"

"Mukawauze adikire denga, bambo. M'maziko simubadwira mwana."

Anam'patsa dzina loti Woumamanja, iye osatekeseka. Moto weniweni unamudikira kunyumba, pakuti chipatala cha kwawo kwa apongozi ake amene ankakhala nawo pakhomo, chimene chinali maziko okhaokha, chinagwera kumapeto kwa mzere.

"Amake ana, cholembera chili m'manja mwanu," anatero apongoziwo. "Ine kwathu ndiziyenda chozemba ngati ndaba nkhuku?"

"Amayi, ndikatsogoza chanu, mawa aliyense abwera ndi apongozi ake."

Apongozi analongedza zovala zawo n'kubwerera kwawo osatsanzika. Mayiyo zinamupweteka kwambiri, chifukwa ndi iwo amene anamulerera ana iye ali pa sukulu. Analira, koma mzere sanausinthe.

Chaka choyamba anamaliza masukulu awiri ndi mlatho umodzi basi, anthu n'kumaseka kuti boma lagona. Chaka chotsatira anafolera zina, kenako zinanso. Aphungu aja, poona kuti nyumba yotha imakoka anthu kuposa mwala wa maziko, anayamba kulimbirana sizasi yodulira riboni. Kwa apongozi kokha kunali zii, ngakhale moni wa pa foni.

Patapita zaka, nthawi ya chipatala chija inakwana. Chinatha chonse, madzi ndi nyumba ya namwino yomwe. Pa tsiku lotsegulira mayiyo anakhala pa benchi ya kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Anangoona apongozi akupatula anthu ndi ndodo yawo. Apongoziwo anamugwira dzanja n'kumukokera kutsogolo.

"Uyu ndi mkazi wa mwana wanga," anauza anthuwo mokweza, kuti ndi aphungu omwe amve. "Anandikana ine amene. Ndiye ngati ine anandikana, dziwani kuti pano palibe njerwa ya kukondera."

Mayiyo anaimirira pamenepo atadzutsa mutu, dzanja la apongozi lisakumutaya. Akuluakulu sananame: tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.