Mayi wa Pansi pa Kanjedza

Panali munthu wina mumzinda wa Roma, mmisiri wozokota zidindo zosulira ndalama zamkuwa. Sanabadwire ku Roma ayi. Anafikako ali kumsana, asilikali atagonjetsa dziko lakwawo n'kutenga amayi ake ukapolo. Atakula, luso lake linamuwombola, nayenso anawombola amayi akewo. Koma chiyankhulo chakwawo anachitaya, dzina anasintha, ngakhale kayendedwe kanasanduka ka Chiroma. Amayi ake ankawasunga kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina mkulu wa nyumba yosulira ndalama anamuitana. "Mfumu ikufuna ndalama yokumbukira nkhondo ija," anatero. "Mbali ina kukhale mutu wa mfumu. Mbali inayo, dziko logonjalo lioneke ngati mayi wolira pansi pa kanjedza."

Mmisiri anayesa, n'kuyesanso, koma mayi aliyense amene ankamuzokota ankangooneka ngati akuodzera.

Masiku omwewo kunyumba kwake kunabwera alendo olemekezeka. Amayi aja anatulukira ndi mtsuko wa madzi, mlendo wina n'kufunsa kuti, "Kodi awa ndani?"

Iye, osaphethira n'komwe, anati, "Ndi wantchito wapakhomo pano."

Alendo atapita, anasuzumira kuseri. Anaona amayi ake atakhala pansi, dzanja lili patsaya, mpango utagwera paphewa limodzi. "Eya! Akulira dziko lawo," anatero chamumtima. Sanapite kukawafunsa. Anathamangira kachitsulo kake kozokotera.

Ndalamayo inakongola kwabasi. Mkulu uja anamuyamikira, mmisiri n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Inafika m'misika, m'misasa ya asilikali, mpaka kutsidya kwa nyanja. Ana ankaiponya m'mwamba akukuwa kuti, "Mfumu kapena kapolo?"

M'mawa wina amayi aja, pochokera kumsika, anaika imodzi mwa ndalamazo m'dzanja la mwana wawo, kanjedza ali pamwamba.

"Mpango uwu ndikuudziwa," anatero.

"Amayi, ndi chithunzi chabe. Limeneli ndi dziko lolira, si munthu."

"Dziko ndinalilira kalekale, mwana wanga. Misozi yake inauma iwe usanamere mano. Tsiku limene ndinakhala chonchi, ndinkalira mwana amene ananditcha wantchito."

Mmisiri anasowa poyang'ana. Manyazi anamugwira moti akanakonda nthaka ikanang'ambika n'kumumeza. Anathamangira kuntchito, natenga nyundo n'kuphwanya chidindo chija. Koma madzi akatayika saoleka. Ndalama zinali zitamwazikana kale, zili m'thumba la aliyense. Amayi aja anamwalira, anawaika m'manda, koma pansi pa kanjedza sanachokepo. Kufikira imfa yake, mmisiri akagula mkate, wogulitsa pomubwezera ndalama ankamuikira amayi ake m'manja, ali chikhalire, dzanja lili patsaya.

Inu amene mukundimvanu, ena muli naye munthu kuseri kwa nyumba, amene munakulira kumsana kwake koma mumachita naye manyazi alendo akabwera. Mukamuona wagwira tsaya, musadziyankhe nokha kuti akulira chiyani. Dzukani, mukakhale naye pansi, mumufunse akadali ndi pakamwa pokuyankhirani. Mwina akulira inuyo.