Malo Amodzi ku Sukulu ya Miliri

Kalekale, koma osati kale loti nkuiwalika, m'chaka china cha mvula yosalekeza, kunali chipatala chaching'ono kuseri kwa phiri, kumene msewu umathera m'matope. Mkulu wa chipatalacho anali Mayi Chikakwiya, namwino wa imvi zongoyamba kumene, munthu wosakonda kukweza mawu. Pansi pawo panali anthu atatu amene anapita kale ku koleji nabwerako ndi mapepala awo, koma mtima wa aliyense unkafunabe sukulu. Panali Bambo Mdzinga, amene ankapima odwala ndi kuwalembera mankhwala, munthu wa pakamwa polusa. Panali Mayi Kalemba, namwino wa m'wodi. Ndiye panali Bambo Chimtengo a zaukhondo, amene ankayenda m'midzi pa njinga yamoto kuyendera zitsime ndi zimbudzi.

Kolera itagwa m'deralo, bwana wa kuboma anaimba foni.

"Mayi, kwapezeka malo amodzi a maphunziro apamwamba a matenda opatsirana ndi umoyo wa anthu. Mwayiwu wagwera chipatala chanu, ndipo sudzabweranso msanga. Mliriwu ukangozizira, mundipatse dzina."

"Limodzi lokha, bwana?"

"Limodzi, mayi. Mukandipatsa awiri, malowo ndipereka kwina."

Mayi Chikakwiya sanauze munthu. Ankaopa kuti akanena, anthu awo ayamba kugwira ntchito yodzionetsera. Anangotsegula maso.

Odwala kolera sankagonekedwa m'wodi. Anawamangira tenti kuseri kwa chipatala, imodzi yokha, amuna ndi akazi momwemo. Mabedi ake anali obooledwa pakati, pansi pake ndowa, chifukwa wodwala kolera alibe nthawi yothamangira kuchimbudzi. Pa bedi lotere munthu sagona ndi ulemu wake wonse.

Mwa odwala oyamba munali mkulu wina, a Dzimbiri. Amene ankawaphikira phala kuchitando, kumene kumagona odwazika matenda, anali Nasimango, mkazi wa mwana wawo yemwe anapita ku Joni kukasaka maganyu. Kwawoko mkazi sayang'anizana ndi apongozi ake aamuna. Sadya pamaso pawo, ndipo akakumana nawo panjira amapatukira patchire. Choncho phalalo Nasimango ankalipereka kwa namwino pakhomo pa tenti, atagwada, nkhope itayang'ana kumbali. Mayi Chikakwiya ankamuona mtsikanayo, khanda kumsana, akuliuzira phala kuti lisawotche nkhalamba imene sankaloledwa ngakhale kuiyang'ana.

M'mawa wina phala silinabwere. Mayi Chikakwiya atafunsa kuchitando, amayi anayamba kuyang'anizana.

"Kwacha Nasimango akuthamangira kuchimbudzi, mayi," mmodzi anatero. "Kenako anasuzumira mutentimo, naona mabediwo, naona pamene agona apongozi ake. Basi watisiyira khanda, akuti akukatenga ufa kumudzi."

"Ufa wake si uwu wadzaza thumbawu?" wina anaonjeza chapansipansi.

Kolera siyembekezera dzuwa kuti lilowe. Imamufinya munthu madzi onse kusanade. Ndipo mudzi wa Nasimango unali kutsidya kwa mtsinje wodzaza.

Mayi Chikakwiya anapeza Bambo Chimtengo akumangirira zigubu za mankhwala othira m'madzi pa njinga yawo. Atamva nkhaniyo, manja anaima pa chingwe.

"Mayi, lero ndi tsiku la msika. Ndikatsata mtsikanayo, chitsime cha kumsika sichithiridwa mankhwala, ndipo anthu amwa momwemo."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukuti nditani?"

Bambo Chimtengo anayang'ana Mayi Chikakwiya pang'ono, namasula zigubu, naliza njinga. Njingayo anaisiya pagombe, nawoloka mtsinje madzi akulekeza m'chifuwa. Kunyumba kwa Nasimango kunali kotseka. Anamupeza m'munda wa chimanga pafupi ndi dambo, atagona chammbali, maso atalowa, mawu atatha. Anapempha chitenje kwa mayi wina amene ankabandira, nambereka mtsikanayo ngati khanda, nawolokanso, namangana naye pa njinga. Njira yonse matenda sanaleke, ndipo zonsezo zinathera pa malaya ndi thalauzi lawo. Pofika pachipatala anthu a kuchitando anathamangira kudzaona. Iwo anatembenuka kuti mtsikanayo abisike kumbuyo kwawo.

"Mukuonerera chiyani? Ndi matope awa, tagwa ndi njinga kudambo. Patukani!"

Pakhomo pa tenti Nasimango anatsegula maso. Atazindikira pamene ali, anagwira chingwe cha tentiyo ndi dzanja limene aliyense ankayesa kuti lafa kale.

"Apongozi... ali momo. Ndisiyeni panja."

"Mlowetseni!" anakalipa Bambo Mdzinga. "Ulemuwo akazichita akachira!"

Anayesa kumasula zala za mtsikanayo, koma zinali zitauma pa chingwepo. Mvula inkamugwa kumaso. Mayi Chikakwiya anagwira pamkono pake osamva kugunda kulikonse. Atatembenuka kuti aitane Mayi Kalemba, anawaona akuthamanga kuchokera kunyumba kwawo opanda nsapato, atakumbatira makatani amene anathothola m'mawindo, pamodzi ndi nsalu yawo ya chigwirizano cha amayi a kutchalitchi. Lamulo linali loti nsalu ya kunyumba isalowe mutentimo, ndipo yolowa imatenthedwa. Iwo ankalidziwa bwino lamulolo. Anamanga chingwe pakati pa tenti, napachika nsaluzo, nabwera kudzagwada m'matope pafupi ndi khutu la wodwalayo.

"Achemwali, tayang'anani. Uko ndi nyumba ina, kuno ndi nyumba ina. Kuno kuli ife tokha amayi."

Zala sizinamasuke. Pamenepo kuseri kwa nsalu kunamveka mawu ofooka a nkhalamba.

"Anesi, muuzeni mwanayo kuti a Dzimbiri anatulutsidwa dzulo. Amene akulankhulayu ndi munthu wina."

Nasimango anataya chingwe.

Atamgoneka, vuto lina linayamba. Mitsempha yonse inali itaphwa. Mayi Kalemba anabaya pamkono, osapeza. Mayi Chikakwiya, amene anabaya anthu chiyambire utsikana wawo, anayesa kudzanja, anayesa kuphazi, osapeza. Khungu akalitsina linkangoima pomwepo, osabwerera. Bambo Mdzinga anawakankhira pambali, nagwada kumutu kwa bedi, napendeketsa mutu wa mtsikanayo, nayamba kufufuza ndi chala m'khosi. Thukuta linkagwera pa magalasi awo. Mutenti monse munali zii, kupatula mvula padenga. Anabaya. Magazi akuda anatulukira pang'ono m'kasingano.

"Diripi! Msanga!"

"Yatsala imene tasungira a Dzimbiri," anayankha Mayi Chikakwiya. "Galimoto ya mankhwala yakanika pamlatho."

Bambo Mdzinga anadzuka, nalowa kuseri kwa nsalu.

"Agogo, mungathe kumwa madzi a thanzi pakamwa?"

"Ndimasanza, mwana wanga."

"Musanze, mumwenso. Mukasanzanso, mumwenso. Mukundimva?"

Anabwerako ndi mapaketi onse a diripi. Madzi a diripi odontha okha akanachedwa, choncho ankafinya paketi ndi manja awiri, ikatha atenga ina. Mayi Chikakwiya anaona kanthu kena: bambo wolusa uja paketi yotsatira ankayamba waiika m'malaya mwake, pachifuwa, kuti madzi asalowe ozizira m'thupi lozizira kale. Dzuwa litapendeka, pamkono pa Nasimango panayamba kugunda, kochepa ngati ulusi. Milomo inagwedezeka.

"Mwana wanga... wadya?"

Nasimango anachira. Koma nkhani siinathere pomwepo.

Patapita masiku, kunayamba kubwera odwala ochokera kumsika kuja, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wogulitsa tomato, anafera panjira ali pa machira. Palibe amene akanalumbira kuti anamwa pachitsime chija, ndipo palibe amene akanalumbira kuti sanamwepo. A Dzimbiri, atawachotsera diripi, anatsika mpaka kusiya kulankhula. Anapulumuka galimoto itafika, koma mphamvu za m'miyendo sizinabwerere, ndipo khasu sanaligwirenso. Nsalu ija nayo inali ndi mbali ziwiri. Mbiri yake itamveka m'midzi, amayi amene ankabisala m'nyumba anayamba kubwera okha. Koma namwino mmodzi sakanatha kuona mbali zonse nthawi imodzi, ndipo tsiku lina bambo wina diripi yake inazuka Mayi Kalemba ali mbali ya amayi. Anamupeza atakomoka, namutsitsimutsa movutikira.

Mvula itachepa ndi tenti itagwetsedwa, Mayi Chikakwiya anaitana atatuwo pakhonde, nawauza za malo a sukulu aja. Onse anaganiza za tsiku lija la Nasimango.

"Ine sindichulutsa mawu," anayamba Bambo Chimtengo. "Ndikanapanda kumusenza mtsikana uja, inu mukanabaya diripi chimanga?"

"Munabweretsa maliro, achimwene," anayankha Bambo Mdzinga. "Amene anawabweza ndi ine."

"Mukanawabwezera pamvula?" anafunsa Mayi Kalemba. "Munthu wakakamira chingwe, inu mukungokuwa ngati kondakitala wa minibasi."

"Makatani, asisi?" anabweza Bambo Mdzinga. "Anthu azipita kusukulu chifukwa cha makatani? Nanga bambo amene anakomoka kuseri kwa makatani anuwo?"

"Nanga a Dzimbiri amene akuyendera ndodo lero?" anatero Mayi Kalemba.

"Ali moyo. Mayi wa tomato ali kuti?"

Mawuwo atatuluka, Bambo Mdzinga anaoneka kuti akanakonda kuwameza. Bambo Chimtengo anawerama, nayang'ana manja awo.

"Mayi ameneyo sandichoka m'mutu," anatero pang'onopang'ono. "Munthu mmodzi akufa uku, mudzi wonse ukumwa uko, ndipo njinga ndi imodzi. Palibe anandiphunzitsa chochita pamenepo. Ndikufuna ndikafunse amene amadziwa."

Bambo Mdzinga anavula magalasi. "Mtsempha wa m'khosi uja ndinangouonapo akubaya ena, ndili pasukulu. Ndinabaya mwamwayi. Diripi ya agogo aja ndinachotsanso mongoganizira. Moyo wa munthu sindifuna kumauchitira mwamwayi mpaka kukalamba."

Omaliza kulankhula anali Mayi Kalemba. "Amayi a kuno amafera m'nyumba chifukwa cha zinthu zimene omanga matenti saziganiza," anatero. "Wina akakhale pamene amapangana zimenezi, akawauze. Komanso, mayi, inu mukudziwa zaka zanga. Anzangawa akhoza kudikira mwayi wina. Ine sukulu ikandiphonya pano, sadzanditenganso."

Mayi Chikakwiya anawathokoza, nawauza kuti abwerere ku ntchito. Anatsala okha pakhondepo, mutu uli gwa. Anadziwa kuti amene apite sipabwera wina wolowa m'malo mwake, ndipo mvula idzagwanso. Akapita a Chimtengo, zitsime zitsala zopanda woziyendera. Akapita a Mdzinga, mtsempha wovuta adzaupeza ndani? Akapita Mayi Kalemba, ndani adzagwada m'matope kunyengerera munthu amene manyazi amulemera kuposa imfa? Ndipo awiri otsalawo adzayenera kugwirabe ntchito limodzi, m'mawa uliwonse, akudziwa kuti anayesedwa napezeka opepuka.

Tsiku lopereka dzina kwa bwana wa kuboma, Nasimango anabwera ndi khanda lake kusikelo. Anali ataonda, koma akuyenda yekha. Mayi Chikakwiya anamuitanira pambali.

"Mwana wanga, ndiuze zoona. Mwa anthu anga atatu aja, amene anakupulumutsa ndi uti?"

Nasimango anagwada, naganiza.

"Mayi, musandiseke. Ndikukumbuka kuti wina anandibereka, msana wake ukutentha. Ndikukumbuka nsalu ya maluwa ikugwedezeka. Kenako chala cha munthu chikundifufuza pakhosi. Koma nkhope sindinaone ngakhale imodzi. Mukandionetsa, onsewo ndiwagwadira."

Mayi Chikakwiya asanayankhe, foni inalira m'thumba la yunifolomu yawo. Anali bwana wa kuboma.

"Mayi, ndili ndi cholembera m'manja. Dzina?"

Mayi Chikakwiya anayang'ana pabwalo. Bambo Chimtengo ankamangirira zigubu pa njinga. Mayi Kalemba ankayeza khanda pa sikelo. Pawindo la chipinda chopimira odwala, Bambo Mdzinga ankakalipira munthu wina chifukwa chobwera mochedwa, uku akumukokera mpando.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, foni ija ili m'manja mwanu, ndipo bwana akudikira. Mutchula amene anasenza mtsikanayo nasiya chitsime, amene anamutchingira nsalu nabisa odwala ena, kapena amene anapeza mtsempha nalanda diripi ya nkhalamba? Ndipo kusukulu kotere ayenera kupita ndani: amene anachita bwino koposa, amene akusowa nzeruzo koposa, kapena amene chipatala chingathe kukhala popanda iye? Mukuti apite ndani?