Aisingi wa Nkhanga

Kodi n'chifukwa chiyani aisingi, zotsekemera zoyera zopaka pamwamba zija, amathawa pa keke? Kalekale, nyama zikadayankhula, funso limeneli linasowa woliyankha m'mudzi wonse wa kudambo.

Amene ankafunsa anali Nkhanga, mayi wachitsikana wa mwana mmodzi, mwanayo dzina lake Mwandida. Masiku amenewo Nkhanga anali wakuda bii, wopanda dontho. Mwandida anadwala dzinja lonse, ndipo amake anamulonjeza kuti, "Ukachira ndidzakuphikira keke yoyera pamwamba." Mwana anachira. Linatsala lonjezo.

Nkhanga anasinja shuga mumtondo, nasefa mpaka anasalala ngati ufa woyera. Anatakasa ndi majarini, nadonthezamo mandimu. Atangophula keke pambaula, nthunzi ili tolotolo, anapaka aisingi uja. Aisingi anasungunuka n'kuyenderera pansi.

Fisi anali chapafupi. "Pepani amake Mwandida," anatero akunyambita milomo. "Shuga wachepa. Keke yonyansayi mwana asaione, ndikakutayireni." Anakaitayira m'mimba.

Nkhanga anaonjezera shuga, naphika ina, naphula, napaka. Aisingi anayendereranso.

"Majarini wachepa, mlongo wanga," anatero Fisi. Iyonso anakaitayira m'mimba.

Kachitatu Nkhanga anasinja shuga wotsiriza. Akalakwitsanso apa, akamuuza chiyani mwana? Anatula poto pansi, keke ili momwemo, natunga aisingi pasupuni. Pomwepo chithunzithunzi cha kabawi chinadutsa pabwalo.

"Mwandida! Mwandida ali kuti?"

Bwalo linali zii.

Nkhanga anapanira mbale ya aisingi m'phiko n'kuliyatsa liwiro. Akadumpha mzere, aisingi ankamuthonyera pa nthenga. Akadumpha chitsa, ankamuthonyeranso. Anafuna kuchitsime, osamupeza. Anafuna kudimba, osamupeza. Anakamupeza pansi pa mtengo wa masuku, akuthamangitsa ziwala.

"Iwe mwana, ufuna kundipha?"

"Ndimangosewera, amayi."

Kunyumba kuja Fisi dyera linamukulira. Analowetsa mphuno m'poto wamoto uja. Psuu! Anathawira kumtsinje akukuwa, keke osailawa.

Pobwera, Nkhanga anagwira keke n'kupeza yazizira. Anakhala pansi. "Mayo ine! Ili yotentha aisingi amakana, nanga yozizirayi?"

"Ingopakani, amayi," anatero Mwandida. "Ine njala."

Nkhanga anapaka pang'ono. Aisingi anakhala. Anapakanso. Anakhalanso, woyera mbee, osasuntha. Nkhanga anaseka mpaka misozi.

"Kani sanali shuga, sanali majarini! Linali phuma langa!"

Mwandida anadya mpaka kamimba kuti ndendende, ndipo ana a m'mudzimo anagawiridwa aliyense kachidutswa. Madontho aja Nkhanga anawasiya dala osawasamba, ndipo mpaka lero nkhanga zonse zili ndi madontho oyera.

Nthano yanga yapsa, ndaiphula apa. Phunziro lake ndi ili: chokoma chimafuna kudikira, ndipo wokulangiza akunyambita milomo akulangiza mimba yake. Tsono ana inu, chonde, mukaona ndaphula keke, musamaigwire kapena kundikakamiza. Muzikhala pafupi pomwe ndingakuoneni, tiziidikira limodzi izizire.