Mkazi Amene Sankaitana Kawiri

Panali munthu wina ku Zingwangwa amene ankakonda nyimbo kuposa ndiwo. Sindikukokomeza ayi. Ndiwo zikachepa mchere ankadya osadandaula, koma wailesi ikayamba kusokosera ankakwinya nkhope tsiku lonse. Anthu ankamutchula ndi mfunda wake, a Milanzi, ndipo nafenso tiwatchule choncho poti anali munthu wamkulu.

A Milanzi anagwira ntchito ku njanji mpaka anapuma. Mkazi wawo, Nankhoma, anakumana naye m'kwaya ya kutchalitchi, iwo akuimba besi, iye akuimba alito. Amuna ena amakopeka ndi maso, koma a Milanzi anakopeka ndi khutu, ndipo sanabise. M'nyumba mwawo munali masipika awiri ofika m'chiuno. Loweruka likakwana, anthu oyandikana nawo sankafunikira kalendala.

Tsono Nankhoma anali ndi khalidwe lake lina, ndipo inu amene mwangolowa kumene m'banja mutchere khutu pamenepa. Iye analeredwa ndi azakhali ake kumudzi, amene anamuphunzitsa kuti mwamuna sakuwiridwa ngati mbuzi yolowa m'munda. Choncho akafuna mwamuna wake ankaitana kamodzi kokha, motsitsa mawu, kuti, "A Milanzi." Akapanda kuyankhidwa sankabwereza. Ankangodzuka n'kuchita yekha chimene amafunacho, kaya ndi kutsitsa thumba la chimanga, kaya ndi kupha njoka kuseri kwa bafa.

A Milanzi ankamuuza kawirikawiri kuti, "Mayi, muzikuwa! Pakamwa mpanu."

Iye ankangoseka. "Ndikakuwa ine, anthu adzabwera ndi zidebe poganiza kuti nyumba ikupsa."

Anakhala choncho mpaka imvi. Kenako Nankhoma anadwala sitiroko. Anatuluka m'chipatala mwendo ndi mkono wakumanzere zili zofooka, ndipo mawu ake, amene anali ochepa kale, anacheperatu. Phokoso lililonse lalikulu linkamupweteka mutu. Adokotala anachenjeza a Milanzi kuti mayiwa asamadzuke okha pabedi, chifukwa akadzagwa mwina sadzayendanso. A Milanzi anamva, ndipo anada nkhawa, poti ankamudziwa mkazi wawo. Matenda anamulanda mwendo, koma khalidwe lake lija sanamulande. Ankaitanabe kamodzi, ndipo akapanda kuyankhidwa ankayamba kufufuza ndodo.

Masipika aja a Milanzi anawafunditsa chitenje. Sanadandaule ngakhale tsiku limodzi. Anagula timahedifoni totchipa pamsika, toti azimvera nyimbo za mufoni ali pampando wawo pafupi ndi chitseko cha kuchipinda. Timahedifonito tinali ta mavuto. Ng'oma zinkamveka ngati mwana akumenya chitini, ndipo pasanapite nthawi mbali imodzi inafa. A Milanzi anapitiriza kumvera ndi khutu limodzi, uku akugwedeza mutu ngati zonse zili bwino.

Nankhoma ankaona zonsezi ndipo zinkamuwawa. Ankadziona ngati iye ndi amene wazimitsa nyimbo m'nyumba ya mwamuna wake. Tsiku lina anaimbira foni mwana wawo wamkazi, Lonjezo, amene ankagwira ntchito ku Lilongwe, ndipo anakambirana zawo. Mawa lake Lonjezo anaimbira bambo ake.

"Ababa, mupite m'tauni mukasankhe mahedifoni apamwamba zedi. Za mtengo musaganize, zimenezo ndi zanga."

"Iwe, awa ndili nawowa akugwira ntchito bwinobwino."

Nankhoma anayankhira ali pabedi. "Musaname pamaso pa mwana. Mwandisamala mokwanira, nanunso mukondweko."

Munthu angakane mawu a mwana, koma a mkazi wodwala sakanika. A Milanzi anapempha mayi woyandikana nawo nyumba kuti akhale ndi wodwalayo, iwo n'kuvala jekete la kutchalitchi, ulendo wa m'tauni.

Sitolo imene analowa inali ya mayi wina wodziwa malonda ake, wosanamiza anthu. A Milanzi anafotokoza kuti akufuna omvera nyimbo pakhomo, abwino kwambiri, ndipo poti safunsa anadya phula, anafunsa mafunso mpaka mayiyo anawapatsa mpando. Kenako anaika mahedifoni awiri patebulo.

"Apamwamba ndi awiriwa, bambo. Awa ndi otseka. Yambani mwayesa amenewa."

Anali ndi zotsamira zofewa zophimba khutu lonse, ndi kabatani kozimitsira phokoso la kunja. Mayiyo anawaveka, n'kudina kabatani kaja. Msewu wonse unazimirira. Maminibasi, oitanira, ogulitsa nthochi pakhonde, zonse zinangoti zii. Ndiyeno inayamba nyimbo ya kwaya imene a Milanzi anasankha okha mufoni mwawo, imene iwo ndi Nankhoma ankaimba ali achinyamata. Anamva mawu aliwonse pamalo pake. Anamva ngakhale oimbawo akukoka mpweya asanayambe ndime ina. Chisiyireni kwaya anali asanamvepo nyimbo chotero. Anatsinzina, misozi n'kuyamba kutsika, bambo wamkulu wa jekete, pakati pa sitolo.

Atatsegula maso anaona milomo ya mayi uja ikuyenda, koma osamva kanthu. Anavula mahedifoniwo.

"Ndakhala ndikukufunsani kalekale ngati mwawakonda," mayiyo anatero akuseka. "Mwaonatu? Ngakhale chigayo chitakhala pakhomo panu penipeni, simungachimve."

A Milanzi anaseka nawo, koma kuseka kwawo kunathera panjira. Anakumbukira timahedifoni tawo takufa mbali imodzi tija. Miyezi yonseyi ankatinyoza, osadziwa kuti khutu limene linkasowa nyimbolo ndi limene linkamva mkazi wawo akaitana.

"Nanga enawa?" anafunsa.

"Awa ndi otsegula. Taonani kumbuyo kwake, kuli timabowo ngati sefa. Kumveka kwake n'kokoma, nyimbo imakhala ngati ili m'chipinda chachikulu. Koma phokoso la kunja limalowa lonse, ndipo nyimbo yanunso imatulukako pang'ono. Amenewa ndi a anthu okhala m'mipanda, kopanda phokoso. Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Zingwangwa."

"Aa, ndiye musadzivute. Tengani otsekawa."

A Milanzi anayesabe otsegulawo. Mayiyo sananame. Nyimbo inali yokoma ndithu, koma pakati pa kwaya panalowa woitanira minibasi ya ku Ndirande, ndi munthu wina amene ankatsutsana ndi wogulitsa nthochi. Mtima wawo unali pa oyamba aja, ndipo ankadziwa. Anaika mahedifoni awiriwo pamiyendo pawo, n'kutembenukira kwa mayiyo.

"Mayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukaime pakhomo apo. Ine nditembenuka, ndiyatsa nyimbo. Inu mundiitane kuti, 'A Milanzi.' Kamodzi kokha."

Mayiyo anadabwa. "Ndiitane mokweza bwanji?"

"Motsitsa. Ngati munthu amene akuchita manyazi kuti akuvutitsa mnzake."

Mayiyo anawayang'ana. Anapita pakhomo. A Milanzi anavala otseka aja, n'kuzimitsa kabatani ka phokoso kaja kuti mahedifoniwo awapatseko mwayi, n'kutsitsanso nyimbo. Anadikira. Ndime yoyamba inatha, yachiwiri inayamba. Atatembenuka anapeza mayiyo ataima manja ali m'chiuno, ataitana kalekale.

Anavala otsegula aja n'kutembenukanso. Kwaya inayamba, woitanira uja akukuwabe kunja. Ndipo pansi pa zonsezo panadutsa kamawu kakang'ono.

"A Milanzi."

"Ndikubwera, mayi!" Anayankha asanaganize n'komwe, ali chiimire kale, mpando utagwa kumbuyo kwawo.

Anthu ena amene anali m'sitolomo anaseka. Mwini sitolo sanaseke. Anadzutsa mpando uja, natenga mahedifoni otsegulawo kukawaika m'bokosi lake.

"Akudwala?" anafunsa motsitsa.

"Akuchira," anatero a Milanzi.

Asanatuluke anasisita otseka aja kamodzi, monga mmene munthu amasisitira ng'ombe yabwino imene sagula. Zinawawawa, tisabise. Munthu akamva kukoma kotero saiwala msanga.

Atafika kunyumba Nankhoma anafuna kudziwa ngati asankha apamwamba kwambiri monga ananenera mwana. A Milanzi anati asankha oyenera nyumba ino, ndipo sanafotokoze zambiri. Masana a tsiku lotsatira anakhala pampando wawo uja pafupi ndi chitseko cha kuchipinda, n'kuyatsa nyimbo yomwe ija. Inamveka bwino kuposa chilichonse chimene anamvapo m'nyumbamo. Chigayo cha kumtunda chinamvekanso. Ana a kwa aneba akulimbirana mpira anamveka, ndi tambala wina wosadziwa nthawi. A Milanzi anapuma mozama, navomereza zimene anasankha.

"A Milanzi."

Anafika pabedi mawuwo asanazizire. "Madzi? Kapena mukufuna kupita kuseri?"

"Ayi, sindikufuna kanthu." Nankhoma anayang'ana mahedifoni amene anali akadali kumutu kwawo. "Nyimbo imeneyo ikumvekako pang'ono kuno."

"Pepani, mayi, nditsitsa. Amatulutsa mawu amenewa, ndilo vuto lake."

"Musatsitse. Siikupweteka mutu. Sendezani mpando wanuwo kuno."

A Milanzi anali asanaganizepo kuti m'nyumbamo munali anthu awiri osowa nyimbo. Masipika anali aakulu kwambiri kwa mutu wodwala, timahedifoni ta pamsika tinkamveka kwa munthu mmodzi, ndipo Nankhoma, monga mwa khalidwe lake, sanapemphe. Tsopano kanyimbo kotuluka m'timabowo tija kanali kochepa ndendende mmene mutu wake unkalolera.

Anasendeza mpando mpaka mutu wawo unayandikana ndi pilo. Anayambitsanso nyimboyo. Pofika ndime yachiwiri, Nankhoma analowa ndi alito yake, ndi timawu timene matenda anamusiyira, tonjenjemera koma tosaphonya. A Milanzi anamva kwaya yonse, anamvanso mkazi wawo. Akanatenga otseka aja akanangoona milomo ikuyenda. Anafuna kulira, koma m'malo mwake analowa ndi besi.

Nankhoma anawagwira dzanja ndi dzanja lake lamphamvu lija. "Mukuthamanga, a Milanzi. Chiyambire kukwaya mumathamanga."

Tsono inu awiri amene takusonkhanirani lero, fanizo langa lathera pamenepo. Sindikuti musamakonde zinthu zabwino. A Milanzi sanabwere chimanjamanja, anabwera ndi mahedifoni apamwamba ndithu. Koma m'moyo muno mudzapeza zokoma zambiri zotseka makutu: ntchito yabwino, foni, mpira, anzanu, ngakhale misonkhano ya kutchalitchi. Chilichonse musanachilowetse m'nyumba, chiyeseni monga anachitira a Milanzi. Dzifunseni kuti, ndikavala ichi, mnzangayu akandiitana ndidzamva?

Iwe mkamwini, usadalire kuti mkazi wako adzakuwa. Nawenso mwana wanga, usaganize kuti mwamuna akakhala chete ndiye kuti sakusowa kanthu. Lero mawu anu ndi amphamvu, mukuitanana kuchokera kutsidya kwa msewu. Sizidzakhala choncho masiku onse. Munthu amene amakukonda kwambiri ndi amene amaopa kukuvutitsa, ndipo tsiku limene adzakufune koposa ndi limene adzaitane motsitsa koposa. Mwina adzaitana kamodzi kokha, kenako adzayamba kufufuza ndodo.