Mmene Masamba Anapezera Mitsempha

Tolani tsamba lililonse, ana inu, mulipenye padzuwa. Mizere mukuionayo kale kunalibe. Masamba onse anali osalala ngati dzira, ndipo kusiyanitsa lochiza ndi lakupha inali ntchito ya maso akuthwa.

Masiku amenewo kunali mwamuna wina dzina lake Kanyenda, amene ankakhala pachikamwini m'tsinde mwa phiri. Mkazi wake Mwatitha anadwala chifuwa chobanika, moti kupuma kwake kunkamveka panja. Mankhwala ake anali tsamba la pamwamba pa phirilo, ndipo wolidziwa anali mmodzi yekha: mayi ake a Mwatitha, a Nankhoma, amene miyendo inali itawakana kalekale.

Tsono mkamwini ndi apongozi ake sankayang'anana kumaso. Choncho pomutuma kukathyola tsambalo, a Nankhoma analankhula ali m'nyumba, Kanyenda atanjuta panja.

"Masamba ake ndi aatali ngati chala, ndipo amaphuka awiriawiri moyang'anizana. Jambulani, ndione ngati mwamva."

Kanyenda anatola phale ndi khala. Khasu ankalitha munthuyu, koma kujambula, mayo ine! Zoyambazo zinali ngati papalasa nkhuku. Anafufuta, najambulanso, kenaka anakankhira phalelo pakhomo.

A Nankhoma anaona pompo kuti masamba wawaika mosemphana, lina m'mwamba lina m'munsi, monga chimaphukira chitsamba china chakupha. Koma kudzudzula mkamwini, mwana wa eni amene amakulimira munda? Manyazi anawagwira. Mumtima anati akakafika kuphiri akalizindikira yekha.

"Mwakhoza, bambo," anatero.

Kanyenda anakwera phiri akukondwa, nabwera mawa lake ndi mtolo wa masamba ofanana ndendende ndi a paphale paja. Ataupereka pakhomo anadikira kuyamikidwa, koma chimene anamva chinali kulira.

"Ndalakwanji, amayi?"

"Wolakwa ndine, bambo. Ndinaona poipa, n'kukuyamikirani. Awa akadamwa mwana wanga, bwenzi tikukumba manda. Lowani kuno."

"M'nyumbamo, amayi?"

"Lowani. Manyazi anapha lambe."

Kanyenda analowa maso ali pansi. A Nankhoma anamupatsa phale lina, namuuza kuti ajambule iwo akuona.

"Phesili mwakhoza, musalifufute. Nsonga ya tsambayi yakomanso. Koma apa mwathamanga. Bweretsani dzanja."

Anaika dzanja lawo pamwamba pa lake, naliyendetsa pang'onopang'ono: tsamba uku, linzake uko, moyang'anizana. Popeza kumaso sakadawayang'ana, Kanyenda ankangopenya dzanjalo. Linali lowonda, lofunda, mtsempha umodzi waukulu ukuyenda pakati, ing'onoing'ono ikupatuka mbali ndi mbali. Chisoni ndi chikondi zinamugwira pamodzi, pakuti chimwalirire mayi ake palibe anali atamugwirapo dzanja chotero.

Anajambula yekha katatu. Kawiri a Nankhoma anapukusa mutu namulozera poipa. Kachitatu anati, "Mwakhoza, mwanangu," ndipo ulendo uno Kanyenda anadziwa kuti ndi zoona.

Anakweranso phiri, phale lili m'manja, nachipeza chitsamba chochizacho kuseri kwa thanthwe. Atathyola okwanira, anaganiza zoika chizindikiro kuti wina asadzasokerenso. Anathyola munga, ndipo pa tsamba limodzi lotsala anajambula chimene maso ake anasunga: mzere waukulu pakati, ing'onoing'ono mbali ndi mbali.

Mwatitha anamwa mankhwalawo, ndipo tsiku lachitatu anapempha phala.

Mvula itagwa, chitsamba chija chinaphuka masamba atsopano, onse ali ndi mizere ija. Mitengo ina itaona kuti mnzawo sakusokonezedwanso ndi wina, nayonso inayamba kudzilemba, uliwonse mwa mtundu wake.

Ndi chifukwa chake lero tsamba lililonse lili ndi mitsempha. Tembenuzani mwatolalo, mulisisite ndi chala. Limenelo ndi dzanja la a Nankhoma, mayi amene anati kuti mwana akhale moyo, ndi bwino mkamwini amve zoona.